Zomwe tinaona ku Sishen, mgodi womwe unasamutsa tauni

Tinanyamuka pa Chileka kupita ku South Africa kukaona mgodi wa miyala yachitsulo wa Sishen tili anthu 11, ochokera m'maboma omwe migodi yayamba kapena ikuyembekezeka kuyamba: Karonga, Mzimba, Lilongwe, Phalombe ndi kwathu ku Balaka. Ine ndinaimira komiti ya amayi. Pa msonkhano wotiperekeza ndinalonjeza a mfumu ndi anthu onse kuti ndikabwerako ndidzafotokoza zokoma ndi zowawa zomwe, ndiye lipoti lake ndi ili.

Kuchokera ku Johannesburg tinakwera basi mumsewu wa N14, kudutsa Vryburg ndi Kuruman, ulendo wa tsiku lathunthu. Tikamapita kumadzulo midzi imachepa, mitengo imafupika, mpaka kutsala mchenga ndi udzu wouma basi. Ku Kuruman tinaima pa mishoni yakale ya Robert Moffat, apongozi ake a David Livingstone. Abusa omwe tinali nawo pagulu anakondwa kwambiri pamenepo, ndipo tinachita kuwakoka kuti abwerere m'basi. Inali nyengo yozizira, kuzizira kwake kosafanana ndi kwa ku Dedza komwe. M'mawa udzu umachita kuyera mbee ndi chisanu.

Tisanafike ku Kathu, tauni yomwe ili pafupi ndi mgodi wa Sishen, tinayamba kuona mapiri aatali osongoka bwino m'mbali. Ndinayesa ndi mapiri enieni. Mnyamata wotitsogolera anatiuza kuti ndi miyala ndi dothi zotayidwa kuchokera m'dzenje, chifukwa kuti afike pa mwala wachitsulo amayamba achotsa zapamwamba zochuluka kangapo kuposa mwala womwe akufunawo. Fumbi la kumeneko ndi lofiira, ndipo lamata pa makoma, pa zikwangwani za mumsewu, ngakhale pa masamba a mitengo ya camel thorn, yomwe imafanana ndi mthethe wathu.

Mgodi wa Sishen unayamba mu 1953 pansi pa kampani ya boma ya Iscor. Lero uli m'manja mwa Kumba Iron Ore, yomwe gawo lake lalikulu ndi la Anglo American. Pageti anatiyeza mowa aliyense, abusa omwe, kenaka anatipatsa zisoti, majombo ndi magalasi, n'kutiphunzitsa malamulo achitetezo kwa nthawi yaitali ndithu. Pamenepa sindinadandaule. Agogo anga anagwira ntchito m'migodi ya golide nthawi ya Wenela ndipo anabwera ndi chifuwa chomwe sichinawasiye, choncho kuona malamulo akutsatidwa chonchi kunandikhudza.

Dzenjelo ndi lotalika pafupifupi makilomita 14. Titaima pamalo oonerera, malole omwe anali pansi amaoneka ngati nyerere, koma imodzi itadutsa pafupi tinaona kuti tayala lokha ndi lalitali kuposa nyumba yanga. Ntchito siima usana ndi usiku. Amaboola thanthwe, kuikamo zophulitsira, kuphulitsa, kenaka makina amakweza miyala m'malole. Kufakitale miyalayo imaphwanyidwa, kusefedwa ndi kutsukidwa, ndipo mwala wolemera wokhala ndi chitsulo chambiri amausiyanitsa ndi wopepuka. Madzi apansi amawapopa nthawi zonse kuti dzenje lisadzaze. Bambo wa ku Karonga sanachedwe kufunsa kuti zitsime za alimi oyandikana nazo zili bwanji, ndipo tinamva kuti nkhani ya madzi a m'chigwa cha Gamagara yakhala ikukanganitsa alimi ndi mgodi kwa zaka zambiri.

Ife a ku Balaka tinazolowera kuona sitima za malasha za ku Moatize zikudutsa pa Nkaya kupita ku Nacala, ndipo ndinkayesa kuti ndikudziwa sitima yaitali. Ya ku Sishen imakoka mabogi 342, lililonse matani 100, ndipo kutalika kwake kumayandikira makilomita anayi. Njanji yake, yomwe inayamba kunyamula miyala mu 1976, ndi ya makilomita 861 kukafika ku doko la Saldanha, pafupifupi katatu mtunda wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Miyala yambiri imakwera zombo kupita ku China. Apa m'pomwe ndinamvetsa kuti mgodi wakutali ndi nyanja umapuma ndi njanji. Njanji imeneyi, yomwe ndi ya kampani ya boma ya Transnet, itayamba kulephera kunyamula zonse, miyala inaunjikana pamgodi, ndipo mu 2024 Kumba inalengeza kuti ichepetsa antchito mazanamazana.

Tsiku lachitatu ndilo tinapitira, tsiku la Dingleton. Iyi inali tauni yomwe Iscor inamangira antchito ake m'zaka za m'ma 1950. Dzenje litakula kulowera kumadzulo, nyumba zinapezeka kuti zili pafupi kwambiri ndi malo ophulitsira miyala, ndipo kuyambira cha mu 2014 mabanja oposa 500 anasamutsidwira ku Siyathemba, dera latsopano m'tauni ya Kathu. Ena anakana kwa zaka zingapo asanachoke.

Ndinene zoona, nyumba za ku Siyathemba ndi zabwino: njerwa zootcha, magetsi, madzi m'nyumba, misewu ya tara. Tikutsika m'basi anzathu ena ananong'onezana kuti kusamutsidwa kotere ndiye bola. Koma titakhala pansi ndi amayi a kumeneko, wina akutimasulira kuchokera ku Setswana ndi Afrikaans, nkhani inasintha. Sanadandaule za makoma kapena malata. Anakamba za kukwera mtengo kwa moyo m'tauni ya Kathu, za mabilu a khonsolo, za anansi omwe anakhala nawo zaka makumi angapo koma tsopano ali mbali ina. Anakambanso za anthu omwe ankachita lendi kapena kukhala m'tizipinda takuseri kwa nyumba za ena, omwe nkhani yawo inavuta chifukwa analibe chikalata cha umwini.

Mawu amenewa anandisowetsa tulo. Kwathu ndi angati ali ndi chikalata cha munda? Minda yambiri ndi ya makolo, yodutsa kuchikazi, ndipo wolima ndi mayi. Koma pakabwera alendo ndi mabuku olembera chipukuta misozi, woitanidwa kutsogolo amakhala mwamuna kapena mwinimbumba. Nanga mayi wamasiye wolima munda wobwereka, kapena mtsikana wobwerera kuchokera ku banja yemwe akukhala kuseri kwa nyumba ya amayi ake, adzalembedwa pati? Ku Dingleton kampani ndi yolemera, malamulo alipo, maloya analipo, komabe ovutika anali anthu a mtundu womwewu.

Madzulo ake tinacheza ndi bambo wina yemwe kale ankayendetsa lole pamgodi. Anatikumbutsa kuti mu 2011, mtengo wa miyala yachitsulo utadutsa madola 180 pa tani, antchito a Kumba oposa 6,000 analandira ndalama zoposa marandi 500,000 aliyense, msonkho usanachotsedwe, kudzera m'ndondomeko ya masheya yotchedwa Envision. Galimoto zatsopano zinadzaza Kathu ndipo lendi inakwera. Pofika mu Disembala 2015 mtengo uja unagwa kufika pansi pa madola 40, ndipo mu 2016 ntchito pafupifupi 4,000 zinatha pa Sishen, kuphatikizapo za makontirakitala. Mwala unali womwewo, dzenje lomwelo. Chinasintha ndi mtengo, womwe palibe munthu wa ku Kathu amaukhazikitsa. Achinyamata akwathu omwe akufuna kugulitsa minda poyembekezera ntchito ya pamgodi ndikufuna amve ndime imeneyi kawiri.

Pobwerera m'basi tinagwirizana zochita. Lamulo la migodi la ku Malawi limafuna kuti kampani yaikulu ipange mgwirizano wa chitukuko ndi anthu a m'dera, choncho aliyense akapemphe kuti wa kwawo uwerengedwe pagulu m'chilankhulo chomwe anthu amamva, asanasaine aliyense. Zitsime ndi mijigo ziyezedwe mgodi usanayambe, zotsatira zake zisungidwe kwa a mfumu ndi ku komiti. Ife a komiti ya amayi ntchito yathu ndi kalembera wathuwathu, khomo ndi khomo, wolemba aliyense wodya za m'munda, kaya ndi mwini, wobwereka kapena wongosungidwa. Kope ndagula kale. A gulupu avomera kuti tiyambe Loweruka likubwerali tikachoka kudimba, ndipo tiyambira makomo a kutsidya kwa dambo, komwe kuli amasiye ambiri.