Wintchi inafika pamtengo, galimoto inatsala

Anthu a ku Ulongwe amene munaona bampala ya Hilux itakwera ngolo ya ng'ombe mu February muja, chonde siyani kumawafunsa akazi anga kumsika, bampalayo inali yanga ndipo nkhani yake ndi iyi.

Ine ndimapikula kachewere ku Tsangano nkumakagulitsa ku Tete, ndiye mukudziwa nokha misewu ya kumidzi mmene imakhalira mvula ikakhazikika, katondo uja amasanduka phala. Dzinja latha ndinagona mudambo kawiri, udzudzu mpaka kundizolowera. Ndiye mkulu wina amene ankagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize atanditsatsa wintchi ya 12 volts, makina okoka galimoto ndi waya ikatitimira, pambali atalemba 9500 lb, kutanthauza makilo pafupifupi 4,300, ndinangoti Mulungu wayankha.

Vuto linali poikhazika. Mesitiri wa pa galaja ina anaiyang'ana nkuti pakufunika puleti ya mamilimita 6, mabawuti a giredi 8.8, ndipo zonse zigwire ku chasisi osati ku bampala. Mtengo womwe anatchula unali wa matumba awiri a feteleza. Ndinatsanzika mwaulemu, mumtima ndikuti kachitsulo basi, alamu anga alipo.

Alamu angawo amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Makina awo ndi opanga okha, mawaya okulungakulunga m'bokosi lamatabwa, akangoyatsa mababu a nyumba zoyandikana amayamba kuphethira ndipo neba amatuluka kudzatukwana. Zitsulo sitinagule. Tinadula bedi lakale la agogo, nkupezanso puleti ina kuseri kwa chigayo. Mabowo a pansi pa wintchi amakhala 4, motalikirana mamilimita 254 ndi 114, ife tinayeza ndi rula ya mwana wa sukulu yothoka kumapeto. Atatu analowa bwinobwino, lachinayi linaphonya ndi chala chathunthu. Ndikudandaula alamu anangoti, "Alamu, mphika umakhala pa mafuwa angati?" Ndinasowa choyankha.

Kulowa pansi kukafika ku chasisi tinaona kuti nkuvutika chabe, tinangowotcherera zonse ku bampala yachitsulo ija, pajatu ndi yolemera ndithu. Chigoba chakumaso chinali chimodzi, ine wogwirizira zitsulo ndinavala magalasi a dzuwa. Usiku wake maso ngati wina wathiramo mchenga wa mu Zambezi, misozi mbwembwembwe, akazi anga nkumandiika mapisi a kachewere m'zikope, katundu wanga yemwe. Koma titapaka penti yakuda, eee, chinthu chinaoneka ngati cha ku Joni. Poyesa tinakoka ngolo yopanda kanthu pabwalo, ana anaomba m'manja, ine ndinawagulira alamu mabotolo awiri a mowa wa 2M.

Tsiku la tsoka ndinkapita kwa apongozi cha ku Domue kukasiya feteleza wobereketsa. Pafupi ndi mudzi pali dambo, ndipo ndinene zoona, njira yolambalala inalipo. Koma anthu anali akuchokera kutchalitchi, ndiye kamtima kena kanati alekeni aone. Ndinalowa pakatikati penipeni. Galimoto inatitimira mpaka m'mimba, ine kutsika ndikumwetulira, munthu woyamba m'Angonia yense kusangalala atatitimira.

Apongozi aamuna anafika ndi ndodo yawo, jekete ya Lamulungu ili pathupi.

"Pepani apongozi, dikirani anyamata amange ng'ombe."

"Ayi bambo, ng'ombe zipume, lero ndi Lamulungu. Masiku ano kuli makina."

Mawu amenewa ndimawamvabe ndikagona.

Ndinachita zonse monga ndinaonera pa YouTube. Waya ndinakokera ku bulugamu wamkulu, injini ndinaisiya ikulira chifukwa wintchi ikalemedwa imamwa moto mpaka ma amp 400, pawaya ndinayalapo saka yonyowa kuti akaduka asakwapule munthu, ana ndinawathamangitsira kutali ngati kapitawo. Kenako ndinaima pambali ndi rimoti, dzanja lina m'thumba, nkudina.

Waya anakungika. Galimoto inagwedezeka pang'ono, azimayi anayamba kale nthungululu. Kenako kunamveka kuti tswii, tswiii, gwa! Bampala yonse, ndi nambala puleti, ndi nyale ziwiri zomwe ndinali ndisanamalize kulipira, zinatsika pagalimoto nkuyamba ulendo wopita ku bulugamu, zikukwawa m'matope ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Ine chala chili pabatani, mutu utaima. Inayenda mwina sitepe imodzi ndi theka mpaka mawaya a ku batire anazuka, moto thethethe, injini zii. Hilux ili pompaja, yopanda mlomo ngati gogo wavula mano.

Dambo lonse linakhala chete, achule okha. Apongozi aakazi anatseka pakamwa ndi chitenje koma mapewa ankaoneka kuti akuvina. Kamwana kena nkufunsa mokweza kuti, "Amayi, ndiye ibweranso kudzatenga galimotoyo?" Basi anthu anagwa nazo, mpaka mkulu wa mpingo anakhala pansi pachulu.

Ndinaimbira alamu ndikunjenjemera. Funso lawo linali limodzi: "Pomwe ndinawotcherera ine pathyoka?" Ndinapita kukayang'ana. Ayi ndithu, bedi la agogo linali gwa, mafuwa atatu aja ali m'malo. Chomwe chinaduka ndi timabawuti tadzimbiri togwira bampala ku chasisi, tomwe palibe anatiyang'ana chigulireni galimoto. "Ndiye ntchito yanga ilibe vuto," anatero alamu nkudula foni.

Ng'ombe ziwiri zinalephera, anachita kukabwereka zina ziwiri kwa a mfumu, feteleza tinatsitsa pamutu thumba limodzilimodzi, ine ndemwe patsogolo matope mpaka m'chiuno. Galimoto inatuluka dzuwa likulowa. Apongozi sanandinyoze ngakhale pang'ono, bola akanatero. Anangoloza kumtengo kuja ndi ndodo nkufunsa mwaulemu wonse, "Apongozi, makina aja tiwakweze pangolo, kapena abwera okha?"

Mmawa wake galimoto inalira titalumikiza mawaya, koma bampala sinakwane kumbuyo chifukwa apongozi anali atadzazamo matumba a chimanga oti ndikawagulitsire, ndipo kukana ndikanayambira pati. Ndiye inabwera pangolo mpaka ku Ulongwe, masana dzuwa lili pamutu, nambala puleti ikuyang'ana anthu.

Mesitiri uja ndinabwererako. Anazungulira galimoto kawiri osayankhula, kenako anati tsopano ndi matumba atatu.