Mmene ndinasankhira marimu a Altezza yanga kuno ku Chipata

Galimoto yanga ya Toyota Altezza RS200 inachoka ku Japan itavala marimu a 17x7 (mainchi 17 kutalika, 7 m'lifupi), offset +50, ndi matayala a 215/45R17. Manambala amenewa ndinawalemba pa pepala ndisanaone rimu yatsopano ngakhale imodzi, chifukwa china chilichonse chimene ungagule umachiyerekezera ndi amenewa. Marimu awiri anali atapindika kale pamene ndinkagula galimotoyo, ndipo chiwongolero chinkanjenjemera ukangopitirira 90. Ndinkafuna marimu otambalala pang'ono, odzaza bwino m'mafenda, koma oti ndizitha kunyamula abale kumbuyo, katundu m'buti, n'kuyenda makilomita oposa 550 a Great East Road mpaka ku Lusaka tayala osakhuza paliponse.

Choyamba ndi mabowo a maboti. Altezza ili ndi maboti asanu pa PCD ya 114.3 mm (kukula kwa bwalo limene mabotiwo amazungulira), chimodzimodzi ndi Mark X. Allion ndi Premio zilinso ndi asanu koma pa 100, BMW yakale pa 120, Mercedes ndi Audi pa 112. Ya 112 ndiyo yoopsa, chifukwa kusiyana kwake ndi kwa mamilimita awiri okha, ndipo munthu akaumiriza imalowa. Ikalowa choncho manati sakhala pakati pa mabowo, maboti amakokedwera kumbali, ndipo amatha kuduka uli pa liwiro. Bowo lalikulu la pakati nalonso lili ndi muyeso wake: habu, chitsulo chimene rimu imamangidwapo, pa Toyota iyi ndi 60.1 mm, pamene marimu ambiri ogula padera amakhala ndi bowo la 73.1 kuti azilowa pa magalimoto osiyanasiyana. Mpata umenewo umatsekedwa ndi hub ring ya 73.1 kunja, 60.1 mkati. Ndi kanthu kotchipa, koma kuno sikapezeka wamba, choncho ndinaitanitsa pamodzi ndi marimuwo.

Kenako ndi offset, ndipo apa ndi pamene ndinathera nthawi yambiri. Offset ndi mtunda wochokera pakati penipeni pa m'lifupi mwa rimu kufika pa malo amene rimu imagunda habu. Imalembedwa kuseri kwa rimu ndi zilembo ET. Nambala ikakula, rimu imalowa mkati mwa galimoto. Ikachepa, imatuluka kunja. Anyamata ambiri pano amangofunsa kuti "ndi saizi chani?" akamva kuti 18 basi atsimikiza, koma chimene chimadula tayala pa fenda nthawi zambiri ndi m'lifupi ndi offset, osati kutalika kwa rimu.

Masamu ake ndi aafupi. Inchi imodzi ndi 25.4 mm. Ukachoka pa rimu ya 7 kupita pa ya 8, yawonjezeka 12.7 mm mbali iliyonse. Pamenepo umaona kusiyana kwa offset: kuchoka pa 50 kupita pa 35 ndi 15 mm, ndipo rimu yonse yasunthira kunja ndi mamilimita amenewo. Ndiye mlomo wakunja watuluka 12.7 kuphatikiza 15, pafupifupi 28 mm, pamene mlomo wamkati watalikira zitsulo ndi 2 mm. Wina anandionetsa pa Facebook marimu okongola kwambiri a 18x8.5 ET30. Nditawerenga ndinapeza kuti atuluka 39 mm. Mtima unkawafuna, sindikana, koma malo amenewo pa galimoto yanga palibe.

Kuti ndidziwe malo amene ndili nawo, tinaimika galimoto pa simenti yosalala kwa makaniko wanga ku Kapata. Anamanga nati ku ulusi, anaugwirizira pa mlomo wa fenda pamwamba pa tayala, n'kuulekerera kuti ulendewere. Ine ndinayeza ndi rula kuchoka pa ulusi kufika pa mimba ya tayala, mawilo onse anayi, chifukwa galimoto imene yayenda zaka zoposa makumi awiri mbali zake sizifanana ndendende. Mkuluyo anandiletsa kuwerengera kunja kwa fenda. "Bwana, pisani dzanja mkati muone," anatero. Mkati muli mlomo wa chitsulo wopindikira ku tayala, wakuthwa, ndipo ndi umene umayamba kudya tayala galimoto ikatsika pa hampu ya ku Katete kapena ku Sinda kumbuyo kuli anthu atatu. Tinayezanso mkati, titalowa pansi. Kutsogolo kwa Altezza kuli mkono wa chitsulo umene umakwera m'mwamba moyandikana ndi tayala, ndipo pamenepo sindinafune kuchepetsa mpata kuposa mamilimita ochepa.

Nditaika zonse pamodzi ndinakhazikika pa 17x8 ET42. Mlomo wakunja ukutuluka pafupifupi 21 mm, wamkati ukuyandikira 5 mm. Kupatula nkhani ya fenda, panali chifukwa china chosatsitsira offset kwambiri. Ukakankhira wilo kutali kunja, mabeya a habu amasenza katundu mopendekeka ndipo amatha msanga, komanso dzenje lililonse limene wagunda limakoka chiwongolero m'manja mwamphamvu. Chimene ndimakondera galimoto imeneyi ndi mmene imamvera pokhota m'mapiri a kufupi ndi mlatho wa Luangwa, ndipo sindinafune kuchiwononga chifukwa cha maonekedwe. Ma spacer, zitsulo zoika pakati pa habu ndi rimu kuti wilo ituluke, nawonso ndinawakana. Rimu yoyenera sifuna chothandizira.

Anzanga anadabwa kuti ndatsalira pa 17. Tayala la 215/45R17 ndi lotalika 625 mm lonse. Kuti uvale rimu ya 18 osasintha kwambiri kutalika kumeneku, uyenera kugula 225/40R18, la 637 mm, lokhala ndi khoma la 90 mm. Ine ndinatenga 225/45R17: 634 mm, khoma lake 101 mm. Mamilimita 11 amenewo amaoneka ochepa pa pepala, koma ndiwo amaima pakati pa rimu ndi mphepete mwa dzenje nthawi ya mvula pamene madzi abisa maenje. Msewu wopita kumudzi kwathu cha ku Chadiza suyang'ana kuti rimu unaigula zingati. Kusiyana kwa kutalika ndi matayala akale ndi 1.4 peresenti yokha, kutanthauza kuti singano ikaloza 100 ndiye kuti ndikuthamanga mopitirira pang'ono mmene ndinkathamangira ndi matayala akale, ndipo ABS, yoletsa mawilo kumangika pogwira mabuleki, sisokonezeka. Komanso 225/45R17 ndi saizi yofala kwambiri, yosavuta kuipeza ku Lusaka kapena ukawoloka pa Mwami kupita ku Lilongwe.

Marimu enieniwo ndinawapeza ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera ku Japan, kwa wogulitsa wina wa ku Lusaka. Ndisanatumize ndalama ndinamupempha zithunzi pa WhatsApp za kuseri kwa rimu iliyonse payokha, pooneka manambala odindidwa pa chitsulo ndi zizindikiro za ku Japan zotsimikiza kulimba kwa rimu, JWL ndi VIA. Ndinaumirira zonse zinayi chifukwa marimu ambiri a magalimoto okoka ndi kumbuyo amabwera awiri otambalala, awiri opapatiza, ndipo wogulitsa amangotchula saizi imodzi. Atafika ndinatsimikiza ndekha. Rimu umaigoneka chafufumimba pa katoni, umagoneka thabwa lowongoka pa mlomo wakumbuyo, n'kuyeza kutsika mpaka pa malo ogunda habu. Ndinapeza pafupifupi 156 mm. M'lifupi mwa rimu yonse, kuyeza kunja kwa milomo, munali 229 mm, theka lake 114. Ukachotsera 114 pa 156 ikutsala 42, imene ndiyo offset. Tinazizungulizanso pa makina a balancing zilibe matayala kuti tione ngati pali yopotoka, ndipo makaniko anafufuza kuseri kwa masipoko ngati pali pamene anawotchererapo.

Manati akale sagwira ntchito pa marimu amenewa. A Toyota ali ndi washala wosalala, pamene marimu ogula padera amafuna nati yosongoka ya madigiri 60. Ulusi wa maboti a Toyota ndi M12x1.5, a Nissan ndi Subaru ndi 1.25, akufanana maonekedwe koma amawononga boti. Ndinagula atsopano makumi awiri.

Tisanaveke matayala onse tinayamba ndi limodzi. Rimu yopanda kanthu inapita kaye kutsogolo kuti tione ngati masipoko akudutsa bwino pa kalipa ya mabuleki. Titaveka tayala ndi kutsitsa jeke, ndinakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, mkuluyo ali chigonere ndi tochi. Kenako tinalisamutsira kumbuyo, tinakweza anyamata a pagalaja atatu pa mpando, matumba awiri a chimanga m'buti, ndi kudutsa pa mahampu a m'tauni titapaka choko pa phewa la tayala. Chokocho chinabwera chosafufutika. Apo m'pamene tinaveka otsalawo, tinamanga manati ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa 103 Nm modumphadumpha ngati nyenyezi, ndipo ndinapita kukachititsa alignment tsiku lomwelo. Nditayenda makilomita pafupifupi 80 ndinabwerera kukamangitsanso manati, chifukwa rimu ya aluminiyamu ikangovekedwa kumene imakhazikika pang'ono pa habu, ndipo nati imene inali yolimba imatha kumasuka.