Ndalama za osowa zinagula zokuzira mawu

Abusa anzanga, Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kalasi ya ofuna ubatizo, kuyendera odwala, ndi banja lina lomwe likungokokanakokana. Zomwe zandisowetsa tulo ndi za Lachitatu.

Kunabwera mayi wina wamasiye, osati wa mpingo wathu, atagwira dzanja mwana wodwala khunyu. Kuchipatala anawauza kuti mankhwala atha, akagule. Anatulutsa kapepala ka dokotala kopindapinda mpaka zilembo zina zinafufutika. Mukudziwa kuti mankhwala a khunyu sadumphitsa, ukangosiya kugwa kumabwereranso, nthawi zina moopsa kuposa kale. Ndinaitana mtumiki amene amasunga thumba la osowa. Iye anangoyang'ana pansi. "Abusa, mulibe kanthu. Komiti inabwereka ndalamazo mwezi watha kuti tigulire zokuzira mawu za msonkhano wachitsitsimutso." Ine m'busa wa pamalopo ndinamva izi koyamba mayi aja ali chiimire pakhomo. Ndinapereka zomwe ndinali nazo m'thumba, zosakwana n'komwe mankhwala a mwezi.

Lachinayi pa msonkhano wa akulu ampingo ndinaifunsa nkhaniyi. Mkulu wina, munthu amene ndimamulemekeza, anayankha mosatekeseka: "Abusa, mpingo si bungwe la chithandizo. Ife tinatumidwa kukakolola mizimu. Komanso mayiwo si membala." Wina anati tiwathandize ndithu, koma ayambe alowa kalasi. Mawu awiri onsewa anandiwawa, koma achiwiriwa anandiwawa koposa, chifukwa akusandutsa mankhwala a mwana kukhala nyambo ya pambedza.

Chondikwiyitsa n'chakuti mtsutso umenewu ndi wakale, ndipo anzathu anaukambirana kalekale. Mu 1952 ku Willingen, m'dziko la Germany, atsogoleri a mishoni anatsindika kuti ntchito yotuma ndi ya Mulungu mwini, mpingo umangolowamo. Ngati ndi choncho, komiti ilibe mphamvu yodula malire kuti chifundo chithere pa kaundula wa mamembala. Ndipo amene amaganiza kuti izi ndi za mipingo yofooka pa kulalikira akumbukire msonkhano wa ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, mu 1974. Msonkhanowo anaitanitsa ndi Billy Graham, mlaliki wa misonkhano ikuluikulu, ndipo pangano lake, lomwe m'busa wa ku England John Stott anatsogolera kulemba, linanena poyera kuti kulalikira uthenga ndi kutengapo mbali pa mavuto a anthu zonse ndi udindo wa Mkhristu.

Koma kwa akulu aja sindinatchule za Lausanne ayi. Ndinatsegula Machitidwe 6. Dandaulo loyamba kulembedwa mu mpingo wa ku Yerusalemu linali la amasiye olankhula Chihelene amene ankaiwalidwa pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sananene kuti imeneyo si ntchito ya mpingo. Anasankhitsa amuna 7, pakati pawo Stefano, ndipo anafuna odzala ndi Mzimu ndi nzeru, osati aliyense wongopezeka. Paulo naye, mmishonale woposa tonsefe, anathera machaputala awiri athunthu, 2 Akorinto 8 ndi 9, pa chopereka cha osauka a ku Yerusalemu, n'kuonetsetsa kuti ndalamazo zinyamulidwe ndi anthu osankhidwa ndi mipingo kuti pasakhale womunena. Ife thumba lathu amatsegula anthu awiri pafoni, osalemba paliponse.

Zokuzira mawu sindikudana nazo, inenso mawu anga sapita patali. Koma anthu anaponya ndalama zija m'mbale titawalengezera kuti ndi za osowa.

Komiti yavomera kubweza "zopereka zikayenda bwino". Ndakana kusaina maminitsi mpaka alembemo tsiku lenileni, ndiponso kuti kuyambira pano thumbalo lisakhudzidwe popanda siginecha ya mtumiki. Mlembi wati tidzakambirane mwezi wamawa. Lachisanu kunali maliro, Loweruka ukwati, ndipo ulaliki wa Lamlungu ndinaukonza usiku, maso akulemera.