Chitedze m'phunziro la nkhalango

Mwana wa Sitandade 3 ukamuuza kuti afotokoze nkhalango ya m'nthano ya Kalulu, amalemba kuti "munali mitengo yambiri", basi pensulo pansi. Mankhwala ake ndi mizere isanu pabolodi: maso, makutu, mphuno, lilime, khungu. Mawu oti "zokongola" ndi "zabwino" ndimawaletseratu, ndi pobisalira alesi.

Kuno ku Chikwawa zipangizo n'zongotola. Za makutu ndimawatulutsa pamthunzi, atsinzine mphindi imodzi amve nyenje ndi njiwa. Ikapitirira mphindiyo amayamba kutsinana. Za mphuno, atikite masamba a tsanya m'manja. Za lilime, kachidutswa ka malambe kapena bwemba, ndipo mawu oti "kuwawasa" amabwera okha nkhope zitakwinyika.

Zinavuta ndi za khungu. Ndinawatuma kuti aliyense atole kanthu kamodzi kuthengo aponye m'thumba, wina azipisa dzanja maso atamangidwa n'kunena chomwe akumva. Woyamba kusonyeza ndinali ine. Khungwa: "lokhakhala". Chikoko cha malambe: "cholimba, chaubweya". Kenaka ndinagwira kanthu kopindika.

"Ana inu, aka n'kofewa ngati msana wa mphaka."

Kalasi inangoti zii. Kamnyamata kena kumbuyo kanalowa pansi pa desiki.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Nchalo lili pamutu, ndiye dzanja lomwelo ndinapukutira thukuta m'khosi ndi pachipumi. Chitedze chouma chili ndi timaubweya tomwe timathothoka tikangokhudzidwa n'kulowa pakhungu, ndipo ukamakanda m'pamene umatikhomerera ndi kutifalitsa. Zimenezi ndimazidziwa bwino. Ndinakanda ndi manja onse awiri, kenaka ndi rula, kenaka ndi ngodya ya chitseko.

Ahedi anandipeza tayi ili kumsana, ndikupondaponda.

"Aphunzitsi, ndi phunziro la magule limeneli?"

Anatuma ana awiri kukapala phulusa kumene amaphikira phala, iwo n'kumandipaka ataima patali. Thumba linakatenthedwa kudzala, atalinyamula ndi ndodo. Masiku ano zotola zonse zimayamba zayalidwa pabwalo, ndizione ndi maso ndisanazigwire.

Koma mzere wa khungu unadzaza tsiku limenelo: kuyabwa, kutentha, kubaya, kunyerenyetsa, mpaka ena kuonjezera a Chisena. Mtsikana wina analemba kuti: "Kalulu atalowa m'nkhalango anamva nyenje, fungo la tsanya, ndi aphunzitsi akukuwa kuti mayo ine." Ahedi anamuchongera okha, 10 pa 10.