Chovala chosavalidwa chimathera m'kabati momwemo

Kabati ya mtsikana ikhoza kudzaza mpaka chitseko kukana kutsekeka, komabe m'mawa uliwonse dzanja lake limagwira bulauzi ndi siketi zomwe zija, zotsalazo n'kumangolendewera pa hang'ala. Bungwe la Ellen MacArthur Foundation linanena mu lipoti lake la 2017 kuti zovala zopangidwa padziko lonse zinawirikiza kawiri pakati pa 2000 ndi 2015, pomwe maulendo amene chovala chimodzi chimavalidwa chisanasiyidwe anatsika ndi 36 peresenti. Zina mwa zovala zosiyidwazo sizipita kutali, zimangotsalira m'zipinda zogona za eni ake.

Zifukwa zosungira zimadziwika. Diresi la paukwati wa mnzake linaoneka kale pa zithunzi za pa Instagram, ndiye mwini wake akuchita manyazi kulibwereza. China anachigula pa intaneti, chinafika chosiyana ndi chithunzi, ndipo kuchitaya kukumupweteka akakumbukira ndalama zake. Koma chifukwa chimene ndimachiona chovuta kwambiri ndi cha jinzi yothina imene imasungidwa ndi mawu akuti "ndidzavala ndikadzachepako thupi", popeza chovala chotere chimamuweruza mtsikanayo nthawi iliyonse akatsegula kabati, pomwe thupi la munthu wa zaka 27 silili ndi mangawa obwerera mmene linalili ali ndi zaka 19.

Ambiri amaganiza kuti chovala chikapindidwa bwino chimadikira mwini wake osasintha, koma nsalu imakalamba ngakhale isakukhudza thupi. Ulusi wotamuka wa elastane, umene umaikidwa mu jinzi ndi zovala zogwira thupi, umafooka pakapita zaka, ndipo lasitiki wa m'chiuno amauma n'kuyamba kuthetheka ukamukoka. Zikwama, malamba ndi majekete a chikopa chochita kupanga amasupuka okha chifukwa chinyezi chimawononga pulasitiki wopakidwa pamwamba pake. Njenjete nazo zimakonda malo amdima osagwedezedwa, ndipo mphutsi zake zimadya ubweya ndi silika, makamaka pamene patsalira thukuta. Kadontho ka mafuta onunkhira kamene sikanaoneke tsiku losunga kamadzatuluka kachikasu, kosachapika. Choncho mtsikana amene wachedwa zaka zitatu kusankha chochita ndi diresi lake amadzapereka kwa mng'ono wake chinthu chimene chatha kale theka.

Amene amachita bwino pa nkhaniyi ndi amene amafulumira. Ena amatembenuza hang'ala zonse kuti ziloze mbali imodzi, n'kumabweza ya chovala chimene avala, kotero kuti nyengo yozizira ndi yotentha zikadutsa, zosavalidwa zimadziulula zokha popanda kudzinamiza. Ena amajambula zovalazo n'kuziika pa WhatsApp kapena pa Facebook Marketplace. Ngakhale msika wa pa intaneti wa Vinted unayamba motero mu 2008 ku Vilnius, m'dziko la Lithuania, pamene Milda Mitkutė ankasamuka nyumba ndipo anapeza kuti zovala zamuchulukira. Wogulitsa angovomereza kuti wogula salipira chikondi chimene mwini wake anali nacho pa chovalacho, ndipo mtengo wake umatsika msanga fashoni ikadutsa.

Kwa ine, njira imene imanyozedwa mosayenera ndi ya telala. Zovala zambiri zimasiyidwa pa zifukwa zazing'ono, monga zipi yothyoka, batani lothothoka, mpendero wautali kapena chiuno chokhwepa, zimene mmisiri waluso amakonza pa kanthawi kochepa. Kusinthana zovala pakati pa mabwenzi kulinso bwino, bola aliyense abweretse chimene iye mwini angachilandire mosanyinyirika.

Kulongedza zonse m'thumba n'kukapereka kwa osowa kumapepuza mtima, koma si zonse zimene zimafika pa thupi la munthu. Ku msika wa Kantamanto mumzinda wa Accra, ku Ghana, mabelo a kaunjika ochokera kunja amatsegulidwa muli zambiri zosagulika, zimene zimakathera kudzala ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo m'chipululu cha Atacama ku Chile muli milu ya zovala zotayidwa. Zambiri mwa izo ndi za poliyesitala, nsalu yochokera ku mafuta okumba pansi imene siiwola msanga, ndipo lipoti lija la Ellen MacArthur Foundation linati nsalu zimene zimabwezeretsedwa kukhala zovala zatsopano sizikwana n'komwe 1 peresenti. N'chifukwa chake chong'ambika m'khwapa kapena chothimbirira sichiyenera kulowa m'thumba la mphatso kuti chikavutitse wina. Chikakhala cha thonje, chidulidwe chikhale chopukutira m'nyumba, popeza thonje limamwa madzi bwino, pomwe poliyesitala amangowakankha uku ndi uku.