Santa Rosa wanga wa ku Chilomoni

Anthu akundifunsabe kuti bwanji ana a mu laini mwathu ku Chilomoni amandiitana kuti a Santa Rosa, nde lero ndingoifotokoza kamodzi nkhaniyi, aliyense amve yekha, ndatopa kumayankha pa chigayo.

Zinayamba mu December 2019 nditalandira ka bonasi kuntchito. Ndinalowa shopu ina yayikulu ku Chichiri kukagula shuga ndi sopo basi, koma ndinatuluka ndi kapaketi ka mapulamu asanu ndi limodzi ochokera ku South Africa, mtengo wake mayi a Tadala sakuudziwa mpaka lero ndipo asaudziwe. Ndinadya limodzi ndili pa siteji kudikira minibasi, aise, madzi ake kuchita kuyenderera mpaka m'chigongono, khungu kowawasa pang'ono koma mkati kutsekemera, moti kondakitala anakuwa Chilomoni katatu ine osamva. Pomwepo ndinalumbira kuti chipatso ichi ndidzala pakhomo, ndizingothyola ngati mapapaya.

Vuto langa ine ndikakonda chinthu ndimasanduka pulofesa. Mabandulo anathera pa mapulamu. Ndinadziwa kuti alipo a ku Europe, monga Greengage amene anthu amati ndiye mfumu pa kukoma, koma amenewo amafuna kuzizira kwenikweni, kwa chipale, osati chiperoni chathuchi. Nde pali a mtundu wa ku Japan amene amapirirako kotentha: Satsuma wofiira mpaka mkati ngati chiwindi, Methley amene anachokera ku South Africa konkuno ndipo amabereka ngakhale ali yekha, Songold wachikasu, Laetitia, ndiye panali Santa Rosa. Ameneyu anamupanga mzungu wina wa ku California dzina lake Luther Burbank, anatuluka cha m'ma 1906, ndipo kulikonse ndinkawerenga amangomuyamikira kununkhira. Ndinaphunziranso kuti mtengo wa pulamu umayenera kugona m'nyengo yozizira, kuyoyola masamba onse, ndipo umawerengera maola amene kwazizira kutsika madigiri 7, akapanda kukwana maluwa amatuluka mwaulesi. Ndichifukwa chake kuno kwathu zipatso zotere, mapichesi ndi anzake, zimakonda kumapiri ngati ku Dedza ndi ku Ntcheu. Munthu wanzeru akanasankha Methley, kapena kungosiya. Ine ndinati Blantyre mu June timavala majuzi awiri, Santa Rosa apirira.

Ndinkawalalikira anthu zimenezi paliponse, ku ofesi, ku mpira, ngakhale ku maliro ena ku Zingwangwa ndinapezeka ndikufotokoza za madigiri 7 kwa adzukulu.

Loweruka lina ndinakwera ya ku Bvumbwe. Anthu anandiuza kuti ndipite ku malo a kafukufuku wa zaulimi aja ndikafunse akatswiri za mbande zokwatitsa, koma ndisanafike ndinaona mnyamata m'mbali mwa msewu ali ndi machubu a mbande ndandanda, mango, mapeyala, malalanje, ndinatsika. Ndinafunsa mwa style, "Achimwene, mapulamu muli nawo?" Anandiyang'ana nsapato kaye, kenako nkhope. "Alipo biggie, mukufuna mtundu wanji?" Ine ndi mtima wonse, Santa Rosa. Iye osaphethira nkomwe, "Eee mwachita mwayi, atsala atatu okha, bwana wina wa ku Namiwawa anatenga teni dzulo." Analowa kuseri kwa kachisakasa n'kutulukira ndi timitengo titatu ta masamba onyezimira, ofiirira kunsonga. Tsopano onani uchitsiru wanga, ndinali nditawerenga ndithu kuti pulamu weniweni amakhala wokwatitsa ndipo pa tsinde pamaoneka chipsera pomwe analumikiza, ndinafufuza chipseracho osachipeza, nditafunsa anati, "Amenewa ndi odzikwatira okha biggie, a original." Ndinagwedeza mutu ngati ndamva za nzeru. Ndinatenga onse atatu poti ndinawerenganso kuti pulamu amabereka bwino akakhala ndi mnzake pafupi, njuchi zizisinthanitsa.

Kusamala kwake musachite kufunsa. Maenje ndinakumba ndekha, manyowa a nkhuku ndinakatenga ku Chigumula pa kabaza, madzi akasiya kutuluka pa mpopi ine ndimagula ndowa kuthirira mitengo ana akusamba theka. Mayi a Tadala anandiuza tsiku lina kuti, "Bambo a Tadala, mitengo imeneyi ikanakhala mkazi bwenzi nditapita kale kwa ankhoswe."

Chaka chachiwiri inayamba minga. Osati timinga, minga zazitali ngati zingano zosokera matumba, ina inandibaya pa chala chachikulu ndinayenda motsimphina sabata yonse. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mapulamu ena amakhaladi ndi minga akali aang'ono. Ndinadikira maluwa oyera aja amene ndinkawaona pa zithunzi, odzadza mtengo wonse masamba asanaphuke, chomwe chinabwera ndi timaluwa tobiriwira tosaoneka bwino, ungati mtengo wachita zidzolo. Ndinati ndi nyengo ya ku Malawi. Mtengo umodzi unkangochita maluwa osagwira kanthu, ndinautcha waulesi, koma iwiri ija chaka chachinayi inagwira tizipatso tambirimbiri tozungulira ngati mabo osewerera ana. Ndinati tikula. Sitinakule. Tinangosintha mtundu kuchoka kobiriwira kupita kofiirira kwakuda, ndipo ine poona mtunduwo ndinajambula n'kuika pa status ya WhatsApp, Santa Rosa first harvest, Mulungu ndi wabwino. Anthu 60 anaona. Palibe anayankha, ndimayesa nsanje.

Nde zinangochitika kuti sabata imeneyo kunabwera apongozi anga aamuna kuchokera ku Tsangano, anabwera ku chipatala kudzaonetsa maso. Munthu wamkulu, mlimi wa mbatata ya kachewere, kuseri kwa nyumba yawo kuli mapichesi moti zipatso za kozizira amazidziwa kuposa foni yangayo. Ndinati lero ndi lero, aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ndinaitana aneba awiri, a chairman a mlaga wathu, ndinatsuka zipatso zija n'kuziika m'mbale ya galasi ya pa ukwati imene siituluka m'kabati. Ineyo ndinali nditalawako kamodzi m'mawa, zinandimanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa, koma ndinati khungu la Santa Rosa ndi lowawasa kale, zinalembedwa.

Ndinayamba ndi speech. Luther Burbank, California, 1906, madigiri 7, zonse. Apongozi anangokhala chete chipewa pa bondo. Nditamaliza anatenga kamodzi, anakayandikiza ku diso labwino lija, anakatembenuza, kenako anakaika pakati pa zikhatho n'kuyamba kukafikisa pang'onopang'ono ngati akuumba mbamu ya nsima. Ine ndinati, "Apongozi, amangodya choncho, safuna kufinya." Iwo osayankha, anaponya m'kamwa, kutafuna, kenako kulavulira m'dzanja njere, imodzi, ziwiri, zitatu, mpaka zisanu ndi chimodzi timbewu tating'ono. Pulamu amakhala ndi njere imodzi yokha yayikulu pakati, zimenezo ngakhale Tadala amadziwa.

"Apongozi," anatero mofatsa, "mwati dzina lake ndani?"

"Santa Rosa."

"Oho. Kwathu timati nthudza."

A chairman anatsamwa. Neba wina, mayi wa ku Mulanje, anagwira pakamwa ndi chitenje koma mapewa amachita kugwedezeka. Apongozi anapitiriza, ndipo chimene chinandipweteka n'choti samanyoza, amayamikira ndi mtima wonse, akuti nthudza zonona chonchi sanazionepo, iwo ankadya ali ku ubusa akuweta mbuzi ndipo zinkakhala zokwinyika, "koma izi ndiye mwazisamala, munathira chani?" Ndinati manyowa a nkhuku. "A nkhuku! Pa nthudza!" Anatembenukira mwana wawo, "Iwe, amuna akowa ndi olimbikira." Anandiphunzitsanso kuti ukaifikisa m'manja imafewa ndipo kumanga m'kamwa kuja kumachepa, ndipo mtengo wanga waulesi uja si waulesi, ndi waumuna, nthudza zimakhala ina yaimuna ina yaikazi, moti pogula itatu ndinachita bwino. Kumeneko ndiye kunali kukhoza kwanga kokhako pa zaka zinayi.

Mayi a Tadala anathawira ku khitchini, ndinkangomva mapoto akugundana ndi munthu akulephera kupuma. Madzulo anandiuza kuti iwo anazindikira chaka cha minga chija, poti anakulira ku mudzi, koma anati andisiye poti chiyambireni mitengo ija ndinasiya kupita ku bawo Loweruka.

Status ndinachotsa koma mochedwa, wina anali atajambula kale n'kuponya ku gulupu ya ku ofesi. Lolemba ndinapeza pa desiki panga kambale ka masau atalembapo kuti apple wa ku California.

Mwezi wotsatira ndinakwera dala ya ku Bvumbwe, ukali ndili nawo, mawu ndakonza kale mu minibasi. Mnyamata uja ndinamupeza pomwe paja, wanenepako. Ndinamuuza zonse mokweza, anthu ogulitsa tomato kumvetsera. Iye anandisiya ndimalize kenako anati, "Biggie, foni muli nayo? Lembani nthudza pa Chingerezi." Ndinalemba. Governor's plum. "Mwaona? Pulamu ameneyo, wa bwanamkubwa kumene. Inu munafuna wa Rosa, ine ndinakupatsani wa governor, mtengo womwewo, nde mwabwera kudzathokoza kapena?" Azimayi a tomato anaombera m'manja.

Ndinaima pamenepo kusowa chonena. Kenako anandiyandikira n'kutsitsa mawu, akuti kuseri kuli mbande za cherry, zatsala ziwiri zokha, bwana wa ku Namiwawa uja akubwera mawa.

Ndinangofunsa mtengo basi, sindinagule. Anandichotsera K500 nde ndinatenga imodzi.