Sabata ya bambo a pabedi 7

Lolemba m'mawa ndinapeza pabedi 7 pali bambo azaka za m'ma 40, mimba itatupa ngati ng'oma, mikono yowonda ngati bango, maso achikasu. Akazi awo anali atayala chitenje pansi pambali pa bedi. Ndisanamalize n'komwe kuwapima, mayiwo anafunsa: "Adokotala, sikuti anawadyetsa?" M'wodi ya abambo funso limeneli si lachilendo, ndipo ndinasiya kalekale kulimbana nalo. Ndinangofunsa chomwe abambo amamwa. "Kachasu," anatero. "Tiyi wawo ndi ameneyo."

Magazi anaonetsa hepatitis B, kachilombo kogwira chiwindi. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda kuno ku Malawi mu 2002, ndiye amsinkhu wa bambowa anawaphonya. Chiwindi chikamalimbana kale ndi kachilomboka, munthu n'kumachithiranso kachasu tsiku ndi tsiku, chimachita zipsera msanga n'kuuma. Tsono magazi ochokera m'matumbo amadzera m'chiwindi asanabwerere kumtima. Chikauma amasowa podutsa, amapanikizana, madzi n'kuyamba kuchuchira m'mimba. Tinapopa malita atatu kuti azipuma bwino, ena tinatumiza ku labu, tinawayambitsa spironolactone, mankhwala ochepetsa madzi m'thupi, ndipo ndinauza mayiwo kuti mchere achepetse kwambiri.

Lachiwiri linadyedwa ndi malungo ndi chibayo. Pabedi 7 ndinangodutsapo.

Lachitatu anesi a usiku anandilandira ndi madandaulo. Bambowo sanagone, amalongolola, kufuna kutuluka kuti akamange mbuzi. Anesiwo anati ndi mowa ukuwasowa, tiwabaye diazepam, mankhwala odekhetsa ndi ogonetsa. Maganizowo sanali olakwika, chifukwa chidakwa chikasiya mwadzidzidzi, patsiku lachiwiri kapena lachitatu chimatha kusokonezeka. Koma bambowa sanali kutuluka thukuta, mtima sunali kuthamanga, ndipo masana amangosinza. Nditawauza kuti atambasule mikono n'kudzutsa zikhatho, manja anayamba kukupiza ngati mapiko a nkhuku. Kuchimbudzi anali asanapite masiku atatu.

Apa ndi pomwe matumbo amalowa m'nkhani ya chiwindi. Tizilombo ta m'matumbo timapanga poizoni wotchedwa ammonia, ndipo chiwindi chabwino chimamuchotsa m'magazi. Mowa umasokoneza tizilomboti, umafooketsanso khoma la matumbo moti zoipa zimadutsa mosavuta. Chiwindi chouma sichisefa, ndiye poizoniyo amakafika ku ubongo. Munthu wotere ukamubaya diazepam ukhoza kumugoneka tulo tosadzuka. Chofunika ndi lactulose, madzi otsekemera ofewetsa chimbudzi. Ku famase kwathu kunalibe, mwana wawo anakagula m'tauni.

Lachinayi madzulo anandizindikira n'kupempha phala. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo.

Lachisanu ndinawapeza abwerera mwakale, akunditchula dzina la achimwene awo. Botolo la lactulose linali pomwe linalekera dzulo lake. Mayiwo anayankha mosabisa: "Ndaleka kuwapatsa. Akutsekula m'mimba, munthu wofooka kale, mukufuna athere pomwepo?" Cholakwa chinali changa. Ndinalemba mankhwala pafayilo koma sindinakhale pansi ndi munthu amene amawamwetsa, yemwenso amachapa zofunda pampopi mbandakucha. Tinakhala pabenchi panja. Ndinawauza kuti chimbudzi chofewa kawiri kapena katatu patsiku ndiye chikutulutsa chomwe chikuwasokoneza mutu, chikapitirira apo tichepetsa mlingo, osati kusiya. M'kachikwama kawo ndinaonamo Brufen wa kugolosale. Ndinawalanda, chifukwa odwala chiwindi chouma mitsempha ya kummero imatupa, ndipo mapiritsi amenewa amatha kuyambitsa kusanza magazi komanso kuwononga impso.

Loweruka bambowo anali atakhala tsonga, akudya okha. Anandikodola n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, kachasu ndamva. Nanga wamasese? Ujatu ndi phala chabe."

Ndinati ngakhale chipanda chimodzi ayi. Zipserazo sizichoka, koma akaleka kotheratu, chiwindi chotsalacho chikhoza kuwasunga zaka. Anaseka pang'ono n'kuyang'ana kukhoma.

Ndikutuluka, mayiwo ananditsatira mpaka pakhonde.

"Adokotala, Lolemba sindinanene zonse. Wotcheza kachasuyo ndine. Fizi ya ana imachokera pamenepo."

Ndinalibe yankho lokonzeka. Ndinawapempha kuti Lolemba abwere ndi mwana wawo wamkulu uja tidzakambirane, komanso kuti onse a m'nyumbamo adzayezetse hepatitis B.